Khomo Lotseguka: Za Maphunziro a Kutali ndi Mabuku Ogawana

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, nkhani yathu ya lero tiiyambira pa msewu waukulu wochokera ku Kabwe kupita ku Kapiri Mposhi. Munthu akatuluka m'tauni ya Kabwe nalunjika kumpoto, asanapite patali amaoloka mtsinje wa Mulungushi. Inu a m'makalasi apamwamba dzinali mulidziwa bwino chifukwa cha phunziro la mbiri ya dziko. Pa thanthwe lina pafupi ndi mtsinjewu, mu 1960, anthu a chipani cha UNIP anachita msonkhano wawo kutchire, kutali ndi maso a boma la atsamunda. Ndipo pa malo omwewo, m'mwezi wa Epulo 1968, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri a m'dziko muno. Lero pafupi ndi thanthwelo pali yunivesite ya Mulungushi, imene inakhazikitsidwa mu 2008. Ena mwa ophunzira ake sagona pamenepo ayi. Ali kuntchito kwawo ndi kumakwawo, amaphunzira ali kutali, nabwera kanthawi kochepa chabe kudzaonana ndi aphunzitsi awo ndi kulemba mayeso.

Tsono pali liu limodzi limene tifuna kuti mulimvetse bwino lero, ndilo kutseguka. Anthu a maphunziro akamanena kuti maphunziro ndi otseguka amatanthauza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amazisokoneza. Choyamba ndi khomo la sukulu: kuti munthu aphunzire ngakhale ali kutali, ngakhale wakula, ngakhale anasowa malo m'kalasi. Chachiwiri ndi buku lenilenilo: kuti mwini wake alole anthu kulikopa, kulisintha, kulimasulira ndi kuligawa popanda kulipira ndiponso popanda kuyamba apempha. Choyambacho tinachidziwa kalekale m'dziko muno. Chachiwiricho ndi cha zaka zaposachedwa, ndipo ndicho tidzakhalitsapo.

Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, anthu a m'dziko muno amene anali atatsiriza maphunziro a ku yunivesite anali ngati 100 okha. Sukulu za sekondale zinali zochepa, ndipo ana ambiri anzeru anali kubwerera kumudzi atatsiriza pulaimale, osati chifukwa cholephera, koma chifukwa malo anali atatha. Chaka chomwecho boma linayambitsa maphunziro a pakalata, poyamba ku Lusaka, ndipo pambuyo pake ntchitoyo inasamukira ku Luanshya, kumene koleji yake inadziwika ndi dzina lakuti National Correspondence College. Ku Malawi koleji yotere inayamba mu 1965. Yunivesite ya Zambia nayo, imene inatsegulidwa mu 1966, inali ndi ophunzira a pakalata kuyambira m'zaka zake zoyambirira, ndipo ambiri a iwo anali aphunzitsi onga inu.

Ana inu, funsani agogo anu za maphunziro a pakalata, mwina alipo wina pabanja panu amene anapita m'njira imeneyi. Wophunzira anali kulandira envulopu ya maphunziro ku positi, nawerenga usiku pa nyali ya parafini atabwerako kuntchito kapena kumunda. Akayankha mafunso anali kutumiza mayankho ake ku koleji, kumene mphunzitsi amene sanamuonepo nkhope anali kuwachonga ndi kuwabweza. Kudikira kwake kunali kwa milungu. Taganizani, kulakwa samu lero ndi kudzadziwa mwezi wamawa kuti unalakwa! Ambiri analeka panjira, izi n'zoona. Koma amene anapirira anapeza satifiketi imene khomo la kalasi linawamana. Ku Britain anafika patali koposa, pakuti mu 1969 anakhazikitsa Open University, yunivesite imene inayamba kulandira ophunzira mu 1971 osawafunsa satifiketi yolowera. Dzina limeneli mulisunge, likumananso nafe ku Kabwe.

Kalata imafuna munthu wodziwa kale kuwerenga. Nanga mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene sanagwirepo pensulo? Apa ndipo wailesi inaonetsa mphamvu yake. M'zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anasiya ana amasiye ochuluka, ndipo ambiri a iwo sanali pa sukulu. Mu 2000 nthambi ya Unduna wa Maphunziro yoona za maphunziro a pa wailesi inayamba kuulutsa pulogalamu yotchedwa Learning at Taonga Market. Ana anali kusonkhana pansi pa mtengo, m'tchalitchi kapena m'chisakasa chimene makolo anamanga, pamodzi ndi munthu wodzipereka wa pamalopo amene anaphunzirako pang'ono. Phunziro lililonse linali la theka la ola. Mphunzitsi wa pa wailesi anali kufunsa funso, kenaka n'kukhala chete pang'ono kuti ana ayankhe. Anali kuuza wothandizayo kuti alembe chilembo pa bolodi, aimike mwana wamkazi ayankhe, kenaka wamwamuna. Panali nyimbo, kuwerenga miyala ndi kuomba m'manja. M'malo ambiri anali kugwiritsa ntchito wailesi yopukusa ndi dzanja, yosafuna mabatire. Nzeru yaikulu ya pulogalamuyi inali m'kukhala chete kuja. Wailesi imene ingolankhula yokha imagoneka ana, koma wailesi imene imadikira yankho imawasandutsa ophunzira. Ku Malawi nako kunadzabwera pulogalamu ya mtundu womwewu yotchedwa Tikwere. Ndipo pamene sukulu zinatsekedwa m'mwezi wa Marichi 2020 chifukwa cha matenda a Covid-19, dziko linabwereranso ku wailesi ndi wailesi yakanema kuti ana asaiwale zonse.

Ngakhale tikulankhula ngati anthu a wailesi, tiyenera kuvomera kuti wailesi ili ndi chilema chake. Siona nkhope ya mwana amene sanamve, ndipo mau ake akapita apita. Mwana afunika chinthu chogwira m'manja, choti abwererepo mawa ndi mkuja. Afunika buku.

Tiyerekeze mphunzitsi wa Giredi 4 pa sukulu ina ya kufupi ndi mtsinje wa Mulungushi. Ana m'kalasi mwake ndi ochuluka kotero kuti ena akhala anayi pa desiki, pakuti chiyambire Januwale 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu kufikira ku sekondale, ana amene anali pakhomo anabwera ambiri. Ndipo ngakhale chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000, makalasi sanaleke kudzaza. Mabuku owerenga ali nawo ochepa, ena osoweka chikuto. Mnzake wa m'tauni wam'bwereka buku labwino la nthano. Kodi angapite nalo ku makina okopera mapepala kuti akope lonse, mwana aliyense akhale ndi lake? Atsegule tsamba lachiwiri la bukulo. Adzapeza kachilembo c kozingidwa ndi mzere, ndi mau a Chingerezi akuti All rights reserved, ndiko kunena kuti mwini wasunga ufulu wonse. Dziko la Zambia lili ndi lamulo loteteza eni a zolembalemba ndi nyimbo, limene linakhazikitsidwa mu 1994, ndipo kukopa buku lonse popanda chilolezo ndi kulakwira lamulolo.

Musafulumire kulida lamulo limeneli. Wolemba buku naye amadya, wojambula zithunzi ali ndi ana, ndipo wosindikiza anagula mapepala ndi inki. Dziko limene anthu amangokopa mabuku mwachisawawa limatsala lopanda olemba, makamaka olemba m'zilankhulo zathu, amene ogula awo ndi ochepa kale. Komabe ana a mphunzitsi uja sangadikire kufikira ndalama zitapezeka, pakuti mwana amene wafika Giredi 4 asanadziwe kuwerenga amavutika m'maphunziro ena onse, ndipo chaka chikapita sichibwerera.

Njira yotulukira m'vutoli inachokera kwa eni mabuku omwewo. Mu 2001 sukulu yaukachenjede ya MIT ku America inalengeza kuti iika zophunzitsira zake pa intaneti kuti aliyense azitenge kwaulere. Chaka chotsatira, 2002, bungwe la UNESCO linachititsa msonkhano ku Paris, kumene zinthu zotere zinapatsidwa dzina lakuti Open Educational Resources, mwachidule OER. Ife tingoti zophunzitsira zotseguka. M'chaka chomwecho bungwe lina lotchedwa Creative Commons linatulutsa zilolezo zimene wolemba angaike pa buku lake, kuti aliyense wolitenga adziwiretu zimene aloledwa kuchita. Wolembayo sataya umwini wake ayi. Amangopereka chilolezo kamodzi kwa anthu onse, m'malo moti aliyense azimulembera kalata. M'mwezi wa Novembala 2019 maiko a m'bungwe la UNESCO, m'mene muli Zambia ndi Malawi, anagwirizana pa mfundo zolimbikitsa maboma kuti zophunzitsira zopangidwa ndi ndalama za anthu zizikhala zotseguka chotero.

Aphunzitsi, pano mverani bwino, pakuti ambiri amapunthwa pomwepa. Si chilichonse chimene mwachipeza pa intaneti chili chotseguka. Chinthu chingakhale chaulere kuchiona koma choletsedwa kuchikopa, monga momwe mungaonere mango a mnansi wanu muli pa msewu koma simungathyole. Funani chizindikiro. Chimakhala kawirikawiri pansi pa tsamba kapena kumapeto kwa buku, ndipo chimayamba ndi zilembo ziwiri CC. Pambuyo pake pamabwera zilembo zina. Mukaona BY, mwini akuti chitani nacho chimene mufuna, koma tchulani dzina lake. Musafafanize dzina la wolemba ndi la wojambula n'kulembapo lanu. Mukaona SA, akuti mukasintha chinthucho, chatsopanocho muchigawe pa chilolezo chonga chomwecho, kuti khomo limene munalowera musalitsekere ena. NC ikutanthauza kuti musachite nacho malonda. Ndipo pali ND, imene kwa ife ndi yovuta koposa zonse: mwini alola kuti mukope ndi kugawa chinthucho monga chiliri, koma salola kuti mugawe chimene mwasintha. Popeza kumasulira ndiko kusinthanso, nthano ya Chingerezi yokhala ndi ND simungaiike m'Chinyanja n'kuigawira sukulu zina. Chotero mukamafuna zoti mumasulire, sankhani za BY kapena za BY ndi SA.

Tibwerere ku Kabwe. Tauniyi yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi kuyambira mu 1967, pamene koleji imene lero ndi yunivesite ya Kwame Nkrumah inatsegulidwa. Koma mphunzitsi akachoka ku koleji, ndani amamuthandiza zaka makumi atatu zotsatira? Mu 2005 Open University ija, pamodzi ndi mayunivesite a m'maiko angapo a mu Africa, inayamba ntchito yotchedwa TESSA, yolemba zothandiza aphunzitsi a pulaimale pa kuwerenga, masamu, sayansi, za chikhalidwe ndi luso la moyo. Zinalembedwa ndi aphunzitsi a kuno ku Africa, zinatuluka m'Chingerezi, m'Chifalansa, m'Chiswahili ndi m'Chiarabu, ndipo zonse ndi zotseguka. Pa maziko amenewa panamangidwa ntchito ina yotchedwa ZEST, imene inachitika m'Chigawo Chapakati kuyambira 2017 kufikira 2022, mogwirizana ndi Unduna wa Maphunziro ndi bungwe la World Vision Zambia, ndi ndalama zochokera ku boma la Scotland. Inayambira ku Chisamba, inafika ku Kabwe ndi ku Mumbwa, ndi ku maboma ena a m'chigawocho.

Chimene chinali chanzeru pa ntchitoyi n'chakuti sinachotse aphunzitsi m'sukulu kupita nawo ku hotela kuti akamve nkhani masiku atatu n'kubwerako ndi satifiketi. Inagwiritsa ntchito chinthu chimene sukulu za m'Zambia zinali nacho kale, ndiyo misonkhano ya magulu a aphunzitsi ya m'kati mwa teremu. Aphunzitsi anali kuwerengera pamodzi njira imodzi ya kaphunzitsidwe, kukonzera pamodzi phunziro, kukayesa m'makalasi mwawo, ndi kubweranso kudzauzana chimene chayenda ndi chimene chakanika, aliyense akulemba m'kope mwake. Njirazo sizinali zodabwitsa: kufunsa mafunso oganizitsa, kuika ana awiriawiri kapena m'magulu, kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo, nthano, nyimbo ndi masewero, kuyamba ndi zimene ana adziwa kale, ndi kuonetsetsa kuti mwana wa kumbuyo kwa kalasi sanaiwalidwe. Wina anganene kuti zonsezi anaziphunzira ku koleji. Inde, koma kudziwa dzina la njira ndi kuichita Lolemba m'mawa pakati pa ana osachepera makumi asanu ndi awiri ndi zinthu ziwiri.

Tengani njira ya awiriawiri. Mphunzitsi akafunsa kalasi lonse, amakweza manja ana omwe aja a masiku onse, ena n'kumangoyang'ana pa zenera. Koma akati, "Uza mnzako amene wakhala naye, ndikupatsani mphindi imodzi," pakamwa pa mwana aliyense patseguka, ndipo iye akuyenda pakati pa madesiki amamva amene wasokonezeka. Sipafunika buku, magetsi kapena ndalama. Phokoso lokha ndilo limachuluka, ndipo mphunzitsi wamkulu ayenera kudziwiratu kuti phokoso lotere si chipwirikiti.

Vuto la intaneti analithetsa motere: sukulu zina zinalandira kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi, kochepa ngati sopo wochapira. M'kati mwake munaikidwa zophunzitsira zonse, ndipo mphunzitsi akaima nako pafupi ndi foni yake anali kutenga chimene afuna popanda kugula mayunitsi a intaneti. Izi zinatheka chifukwa cha chilolezo chija. Mabuku otsekedwa sakadaikidwa m'kakompyutako n'kugawidwa kwa aliyense. Ntchito ya ZEST inatha mu 2022, koma zolembedwa zake zinasiyidwa zotseguka, kotero kuti kutha kwa ndalama za ntchitoyo sikunatseke mabuku ake.

Tsopano tifike pa ufulu umene uli waukulu koposa kukopa, ndiwo ufulu wosintha. Tipereka chitsanzo chimene mphunzitsi wa ku Kabwe sayenera kuchiiwala. M'mabuku ambiri a sayansi ya pulaimale muli phunziro la mitundu ya dothi. Limati ana atuluke panja, akumbe dothi ndi manja, alifikise pakati pa zala, alinyowetse, aumbe timipira, kuti asiyanitse mchenga ndi dongo. Ndi phunziro labwino ku Chipata, ku Lilongwe ndi kwina konse. Koma tauni ya Kabwe, imene kale inali kutchedwa Broken Hill, inamera pa mgodi wa mtovu ndi zinki. Miyala yake inapezeka mu 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo mgodiwo unagwira ntchito kufikira 1994. Utatsekedwa unasiya milu ya zotsalira, ndi fumbi la mtovu m'dothi la makomboni oyandikana nawo, monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mtovu suoneka m'dothi ndipo sununkha. Umalowa m'thupi mwa mwana akapuma fumbi kapena akaika zala zakuda m'kamwa, ndipo umaononga ubongo umene ukukula, kotero kuti mwana amavutika kumva ndi kukumbukira za m'kalasi. Mphunzitsi wa m'dera limeneli akatsata bukulo liu ndi liu, wapereka ana ku chinthu chomwecho chimene chimawalepheretsa kuphunzira.

Wolemba phunzirolo sanalakwe, sanadziwe chabe za Kabwe. Amene adziwa ndi inu. Ngati phunzirolo ndi lotseguka, mungalilembenso: dothi loyesera libwere kuchokera kutali ndi mgodi, ana asambe m'manja ndi sopo akatha, ndipo muwonjezepo ndime imene mulibe m'buku lililonse la kunja, yofotokoza chifukwa chake tiyenera kuwaza madzi tisanasese, kubzala kapinga pabwalo, kusamba m'manja tisanadye, kusasewera pa milu ya ku mgodi, ndi kupita ku chipatala kukayezetsa magazi a mwana. Mukatero mungalisindikize, mulembepo dzina la mwini woyamba ndi mau akuti mwalisintha, n'kulipereka ku sukulu zonse za m'dera lanu, lamulo lili kumbali yanu.

Kusintha kwina n'kokondweretsa chabe. Phunziro la magetsi lochokera kunja lidzakuuzani za madamu a maiko akutali, pamene inu muli ndi damu la Mulungushi, kum'mwera chakum'mawa kwa tauni, limene linamangidwa mu 1925 kuti lipereke magetsi ku mgodi wa Broken Hill. Madzi amasungidwa pamwamba, amatsika ndi mphamvu m'mipope kupita m'chigwa, napukusa makina opanga magetsi. Ana angapange kagudumu ndi phesi la chimanga ndi tizitsekerero ta mabotolo, n'kukathira madzi kuchokera m'chitini, poyamba chili pafupi, kenaka chili pamwamba, kuti aone okha kuti madzi ochokera pamwamba amapukusa kagudumuko msanga. Akaona zimenezi adzamvetsanso chifukwa chake chaka cha chilala magetsi amavuta. Ndipo pa phunziro la mbiri musaiwale chigaza cha munthu wakalekale chimene chinapezeka mu mgodi womwewo mu 1921. Chinatengedwa kupita ku London, ku Natural History Museum, ndipo dziko la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo. Mwana wobadwira pamalo pomwe chinafukulidwa amachiona pa chithunzi chokha. Ndipo ngakhale chithunzicho, musanachiike m'kabuku kanu, onani kaye ngati mwini wake analola.

Nkhani ya chilankhulo ndi yaikulu payokha, tingoikhudza. Ku Kabwe m'kalasi limodzi mungakhale ana olankhula Chibemba, Chilenje, Chinyanja ndi Chitonga, pakuti njanji ndi mgodi zinasonkhanitsa anthu a mitundu yambiri. Mwana amagwira msanga kuwerenga akayamba ndi mau amene amawamva pakhomo, koma nthano zosindikizidwa m'zilankhulo zathu ndi zochepa, ndipo za zilankhulo zazing'ono n'zosowa ndithu. Bungwe la Saide la ku Johannesburg linatsegula mu 2014 nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa African Storybook, m'mene muli timabuku ta zithunzi m'zilankhulo zambirimbiri za mu Africa, Chinyanja chili momwemo. Kabuku kalikonse mungakawerenge pa foni, mungakasindikize, ndiponso mungakamasulire m'chilankhulo cha ana anu zithunzi zili zomwezo. Pomasulira musatsate mau a Chingerezi limodzilimodzi, pakuti chimatuluka ndi Chinyanja chimene palibe mayi amalankhula kwa mwana wake. Werengani tsamba lonse, tsekani buku, nenani nkhaniyo monga mungainenere madzulo pabwalo, ndipo lembani chimenecho. Mukatha, kawerengereni munthu wachikulire wodziwa chilankhulocho. Iye adzakuuzani pamene pakhota.

Sitifuna kukunamizani kuti zotseguka zonse ndi zabwino. Khomo lotseguka limalowetsa mlendo, limalowetsanso nkhuku. Pali zophunzitsira zokhala ndi masamu olakwika, zina zolembedwera ana a msinkhu wina, zina zosagwirizana ndi silabasi ya dziko lino. Ndipo buku lovomerezedwa ndi Unduna likadali msana wa phunziro lanu, izi zina n'zothandizira. Musapatse ana chinthu chimene simunachiwerenge nokha kuyambira poyamba kufikira pothera, ndipo samu iliyonse muyambe mwaichita. Ndiponso mau akuti kwaulere asakupusitseni. Chilolezo ndicho chaulere, koma pepala ligulidwa, inki igulidwa, foni ifuna moto, ndipo kawirikawiri ndalama zimenezi zimatuluka m'thumba la mphunzitsi, chinthu chimene mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo ayenera kuchiona. Pamene palibe makina osindikizira, nthano ya masamba khumi ingalembedwe ndi zilembo zazikulu pa makatoni otayidwa ku sitolo, n'kupachikidwa pa chingwe kutsogolo kwa kalasi kuti ana onse awerenge pamodzi. Katoni ikasungidwa pouma imatha chaka.

Pali chinthu chimodzi chimene ife a kuno tatsalira nacho m'mbuyo. Timatenga kwambiri, koma tipereka pang'ono. M'makabati a sukulu zathu muli mapulani a maphunziro, nyimbo za kuwerenga manambala ndi mafunso oyesera zimene aphunzitsi aluso anapanga pa zaka zambiri, ndipo mwini akapuma pa ntchito zimadyedwa ndi chiswe. Ena amabisa dala, poopa kuti mnzawo angatchuke ndi thukuta lawo. Manthawo ndi omveka, koma chilolezo cha BY chinapangidwira chomwecho: ntchito iyende, dzina la mwini liyende nayo. Simufunika kupita ku ofesi iliyonse kapena kulipira kanthu. Ngati chinthucho munachipanga nokha, osatengamo za m'buku lotsekedwa, mungolemba pansi pake dzina lanu, chaka, ndi chilolezo chimene mwasankha. Ngati munapanga ndi anzanu kapena m'dzina la sukulu, yambani mwagwirizana nawo ndi mphunzitsi wamkulu. Ndipo zithunzi za ana kapena maina awo athunthu musaziike poyera popanda makolo kuvomera.

Ana inu, mwakhala chete nthawi yaitali, tsono nayi ntchito yanu. Madzulo ano pemphani agogo, amalume kapena azakhali akuuzeni nthano imodzi, kapena akusimbireni mmene anafikira ku Kabwe, kapena ntchito imene anali kugwira ku mgodi kapena ku njanji. Afunseni ngati alola kuti ana a sukulu zina aimve nkhaniyo. Akakana, muisunge mumtima, ndi yawo. Akalola, ilembeni m'chilankhulo chimene anainenera, masamba asanu ndi limodzi akwanira, chiganizo chimodzi kapena ziwiri pa tsamba, ndi chithunzi chojambula nokha pamwamba pake. Pa tsamba lomaliza lembani amene anasimba, amene analemba ndi amene anajambula. Aphunzitsi, inu musonkhanitse timabukuto, mukonze kalembedwe ka mau pamodzi ndi eni ake, musankhe titatu, ndipo mupite nato ku msonkhano wa gulu lanu wa teremu ino, kuti mukasinthane ndi a kalasi lina kapena a sukulu yoyandikana nanu. Mukatengeko tawo titatu pobwera.